Ana 541 a ku Lusaka ndi Mankhwala a Septrin

Lero ndifuna kukamba nanu mbiri ya mankhwala amene ambiri a inu munawagwirapo m'manja mwanu. Ndiwo aja timawachula Septrin kuno kwathu, anzathu a ku Malawi amati Bactrim, ndipo madotolo m'mabuku mwao amalemba cotrimoxazole. Si acilendo ai, ndiponso mtengo wace ngwocepa. Koma mankhwala amenewa anayesedwa pa ana 541 ku cipatala cacikuru ca ku Lusaka kuyambira caka ca 2001 kufikira 2003, ndipo zimene zinapezeka kumeneko zinasintha kasamalidwe ka ana odwala m'maiko ambiri. Mbiri imeneyi madotolo a kutsidya kwa nyanja amaidziwa bwino koposa ife eni dziko, ndipo cimeneco cimandicititsa manyazi. Ndico cifukwa cace ndaisankha.

Tiyambe ndi malo ace. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo madotolo oyamba ophunzira kuno anaturuka mu 1973. Munthu saphunzira udotolo pa bolodi pokha, ayenera kuima pambali pa wodwala. Cotero cipatala cacikuru ca ku Lusaka cinasanduka cophunzitsiramo, ndico cimene timaciti UTH. M'menemo muli cigawo ca matenda a ana. Munthu wodzazonda wodwala amaona madotolo ali kuciritsa, ndi gulu la ophunzira liri kuwatsata pambuyo ndi mabuku m'manja, naganiza kuti nchito yonse ndi yomweyo. Koma iripo nchito yina yosaoneka, ndiyo kufufuza. Dotolo wa pa Yunivesiti ayenera kudzifunsa kuti, kodi ici ndiri kucitaci cithandizadi mwana wa kuno, kapena ndingocita cifukwa ndinaciwerenga m'buku lolembedwa ku London? Mmodzi wa akuru a cigawo cimeneci kwa zaka zambiri anali Profesa Chifumbe Chintu, mwana wa dziko lino, amene anaphunzira udotolo ku Toronto m'dziko la Canada, nabwerera kwao kudzagwira nchito pakati pa ana. Anamwalira mu 2017. Dzina lace ndilo liri patsogolo pa nchito ziwiri zimene ndikambe.

Matenda a Edzi anafika pakati pathu mwakacetecete. Mu 1983 dotolo wocita opareshoni pa UTH, Mai Anne Bayley, anaona kuti anthu acinyamata ali kubwera ndi nthenda yochedwa Kaposi, imene kale inali kuyenda pang'ono-pang'ono m'thupi, koma tsopano inali kupha msanga. Mu 1987 Mtsogoleri Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi Edzi, ndipo kuyambira pamenepo kunali kobvuta kunena kuti nthendayi ndi ya anthu a kwina. Koma pamene maso a onse anali pa akuru, ana naonso anali kufa. Mwana amatenga kacirombo ka HIV kwa mai wace ali m'mimba, pobadwa, kapena poyamwa. Ndipo ophunzira atawerenga ana a m'maiko angapo a mu Africa anapeza kuti popanda mankhwala mmodzi mwa atatu anali kufa asanakwanitse caka cimodzi, ndipo oposa theka asanakwanitse zaka ziwiri. Opulumuka pamenepo anali kukula mobvutika, lero cifuwa, mawa kutsegula m'mimba, mkuja zironda za m'kamwa. Mankhwala amphamvu ofooketsa kacirombo, amene lero timati ma ARV, analipo ku Ulaya ndi ku America kuyambira 1996, koma mtengo wace unali ngati madola 10,000 pa munthu mmodzi caka cimodzi. Ndani wa ife, ngakhale kapitao wa pa mgodi, akadatha kulipira ndalama zotere?

Tsono madotolo a ana anafunsa funso lina. Ngati kacirombo sitingakagwire, nanga cimene cimatsiriza mwanayo nciani? Pakuti kacirombo aka kamagwetsa linga la thupi, ndipo zolowa pa linga logwalo ndizo zimapha kawiri-kawiri. Ana ambiri anali kufa ndi kubanika, ndiye kuti bvuto linali m'mapapu. Koma matenda a m'mapapu ali a mitundu-mitundu, ndipo uli wonse uli ndi mankhwala ace. Inu a ku migodi mudziwa za kujambulidwa cifuwa ku Kitwe. Cithunzi cimaonetsa mthunzi m'mapapu, koma sicichula dzina la kanthu kamene kaika mthunziwo. Munthu wamkuru amauzidwa kuti alavulire makhololo m'kabotolo kuti akawapime. Mwana wamng'ono satha kulavula, amangomeza. Cotero mwana wobanika anali kupatsidwa mankhwala mongoyerekeza, ndipo akafa, dzina la nthenda yace linali kupita naye kumanda.

Njira yodziwira inali imodzi yokha, ndipo inali yowawa. Kunafunika kutsegula cifuwa ca mwana atafa, ndi kuyang'ana mapapu ace pa galasi lokuza tinthu tating'ono. Kuyambira 1997 kufikira 2000 a Chintu anagwira nchito imeneyi pamodzi ndi Dotolo Victor Mudenda wa pa UTH pomwepo, ndi anzao a ku London, Sebastian Lucas ndi Alimuddin Zumla, amene naye ndi mbadwa ya dziko lino. Sakadatha kukhudza mtembo popanda cilolezo ca eni mwana. Taganizani tsono za munthu amene anapatsidwa nchito yopita kwa mai amene mwana wace wangotsirizika kumene, nsaru yoberekera ikali m'manja, kukampempha cinthu cotere. Anapempha makolo ndi olera ana 1,181. Mwa iwo 891 anakana.

Madotolowo sanabise ciwerengero cimeneci. Anacilemba mu 2001, pamodzi ndi zifukwa zimene anthu anapereka, ndipo zifukwazo nzoyenera kuzimva. Gulu lalikuru linati nkutaya nthawi, pakuti mwana wafa kale, ndipo nthenda yace ikadayenera kudziwika akali moyo. Gulu laciwiri linati kalata ya imfa yalembedwa, galimoto yonyamula maliro yapezeka, abale ali kudikira, sitingacedwenso. Amene anati mizimu ya makolo siilola kuti mtembo ucekedwe anali ocepa ndithu poyerekeza ndi awiriwa. Ici cimandikhudza, pakuti ophunzira ambiri, a kunja ndi a kuno omwe, amafulumira kunena kuti Mwafirika amakana za cipatala cifukwa ca miyambo. Iai, ambiri anakana ndi mau anzeru a munthu wosweka mtima, ndipo ena anakana cifukwa mwini galimoto sadikira munthu wosauka. Ine sindiwaweruza. Cikhala ine pa tsiku lotere, ndikhulupira ndikadakana.

Koma ena analola, ndipo mapapu a ana 264 anayang'anidwa. Mwa anawa 180 anali ndi kacirombo. Zopezekazo zinasindikizidwa mu 2002 m'nyuzi ya madotolo ya ku London yochedwa The Lancet. Nthenda yopezeka kopambana inali cibayo wamba ca mafinya, coyamba ndi tizirombo tochedwa bakiteriya, comweco cimene cimagwiranso ana opanda kacirombo. Cifuwa cacikuru, cimene timati TB, cinapezeka mwa mwana ngati mmodzi mwa asanu. Mwa makanda a kacirombo, makamaka a miyezi yocepa, munapezeka kawiri-kawiri cibayo ca mtundu wina, coyamba ndi kanthu kochedwa Pneumocystis, ka pfuko la nkhungu ija imamera pa mkute. Ndipo ana ambiri anali ndi matenda awiri kapena atatu m'cifuwa cimodzi. Tanthauzo lace linali ili: ana athu anali kufa ndi matenda amene mankhwala ace analipo kale. Ngati nkutero, bwanji osampatsa mwana wa kacirombo mankhwala pang'ono tsiku ndi tsiku asanadwale, kuti tizirombo tipeze pakhomo pali mlonda?

Apa ndipo Septrin alowa m'nkhani yathu. Iye ndi mankhwala awiri ophatikizidwa. Amodzi ndi a pfuko la sulpha, abale ace a M and B aja akuru-akuru amawakumbuka, amene anaciritsa Winston Churchill cibayo mu 1943. Enawo dzina lace ndi trimethoprim. Bakiteriya kuti aswane ayenera kudzipangira cakudya cina m'kati mwace, ndipo mankhwala awiriwa amatseka njira ya cakudyaco pa malo awiri, monga anthu awiri obisalira mbala, wina pa mlatho wina pa mphambano. Anayamba kugulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo madotolo anadziwa kale kuti amachinjiriza munthu ku Pneumocystis. Mu 1999 kunamveka mbiri ya mayeso awiri ocitika ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire, kumadzulo kwa Africa. Akuru a kacirombo amene anali kumwa Septrin tsiku ndi tsiku anadwala mocepa, ndipo pakati pa aja anali ndi TB yomwe, imfa zinacepa pafupi-fupi ndi theka. Caka cotsatira bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene timaliti WHO, pamodzi ndi UNAIDS, linapereka malangizo oyembekezera akuti maiko a mu Africa ayambe kucita comweco.

Maiko ambiri sanafulumire, ndipo cifukwa cace cinali comveka. Tizirombo tikakumana ndi mankhwala amodzi-modzi zaka zambiri, makamaka omwa mopereweza, tofooka timafa koma tolimba timatsala nitiswana, mpaka mtundu wonse usanduka wosamva mankhwalawo. Ife eni tinathandizako pamenepa, tisadzinamize. Septrin tinali kumgula pa msika monga tomato. Munthu amwa mibulu iwiri kapena itatu, cifuwa cikangoleka asunga yotsala m'cikwama kudikira tsiku lina. Ku Abidjan tizirombo tambiri tinali tikali kumva mankhwalawa. Koma ku Lusaka, akatenga tizirombo kwa odwala nakatimeretsa m'kambale m'cipinda copimira, 60 kufikira 80 mwa 100 ali onse sitinali kufa ndi Septrin. Tsono anzeru ambiri anati, nkhwangwa iyi njobuntha kuno. Ingadule mtengo ku Abidjan, koma ku Lusaka ai. Anaonjezanso kuti kumwetsa anthu zikwi-zikwi tsiku ndi tsiku kudzangolimbitsa tizirombo koposa, ndipo mwina kudzaononga Fansidar, mankhwala a malungo amene ali a pfuko lomwelo. Amene ananena izi sanali opusa. Dziko losauka siliyenera kutaya ndalama zace pa cinthu cosagwira nchito, ndipo ine ndikadakhala pa msonkhano wao ndikadagwedeza mutu kubvomereza.

Pa mgodi, wodziwa miyala angayang'ane mwala nanena kuti muli mkuwa wambiri, mnzace nanena kuti mulibe. Kampani siikumba cifukwa ca pakamwa pa munthu. Imatumiza mwalawo kukapimidwa. Kupima mankhwala nkobvuta koposa kupima mwala, pakuti odwala safanana. Wina amacira yekha ngakhale osamwa kanthu, wina amafa ngakhale apatsidwe zabwino zonse. Ndipo dotolo wokonda mankhwala ace amakumbuka ocira naiwala akufa, osati mwa cinyengo, koma cifukwa ndi munthu. Njira yopewera zimenezi inakhazikika mu 1948, pamene bungwe la ku Britain lochedwa Medical Research Council linayesa streptomycin pa odwala TB. Odwala amagawidwa magulu awiri mwa maere, osati mwa kufuna kwa dotolo. Pambuyo pace anaonjezapo nzeru yina: gulu limodzi lilandira mankhwala enieni, linalo lilandira acabe ofanana nao maonekedwe, ndipo wodwala, namwino ndi dotolo yemwe sadziwa kuti uyu ali kumwa ziti. Potsiriza awerenga. Ngati magulu anali ofanana poyamba nasiyana potsiriza, casiyanitsa ndi mankhwala.

Bungwe lomwelo la ku Britain ndilo linagwirizana ndi cigawo ca ana ca pa UTH, ndi ndalama zocokera ku Boma la Britain. Ku London kunali Dotolo Diana Gibb ndi anzace odziwa kuwerengetsa; ku Lusaka kunali a Chintu, Profesa Ganapati Bhat, Dotolo Veronica Mulenga ndi ena. Mayesowo anawacha CHAP. Kuyambira mwezi wa March 2001 analemba ana 541 a zaka za pakati pa 1 ndi 14, makolo kapena owalera atamva zonse nabvomera. Pambuyo pace ana 7 anapezeka kuti alibe kacirombo, cotero owerengedwa anatsala 534, ndiwo 265 a gulu la Septrin ndi 269 a gulu la mankhwala acabe. Mwana wosakwana zaka 5 anali kumwa mamiligalamu 240 pa tsiku, wamkurupo 480. Onse anali kubwera kudzaonedwa kawiri-kawiri, ndipo ali yense akadwala anali kuciritsidwa monga mwa nthawi zonse, osayang'ana gulu lace. Kunalinso kabungwe ka anthu apadera, osakhala a m'gulu la ofufuzawo, amene okha anali ndi ufulu wotsegula cinsinsi nthawi ndi nthawi ndi kuona mmene magulu awiriwo ali kuyendera.

M'mwezi wa October 2003 kabungweko kanayang'ana ziwerengero nikanena kuti mayeso aleke pomwepo, pakuti kupitiriza kukadakhala kulakwira ana. M'gulu la mankhwala acabe anafa ana 112, ndiwo 42 mwa 100 ali onse. M'gulu la Septrin anafa 74, ndiwo 28 mwa 100. Anawo anali atatsatidwa miyezi ngati 19. Wowerenga mofulumira adzati kucoka pa 42 kufika pa 28 ndiko kucepa ndi gawo limodzi mwa atatu. Koma odziwa kuwerengetsa amayang'ananso nthawi, kuti mwana anakhala miyezi ingati asanafe, ndipo potero anapeza kuti ngozi ya imfa inatsika ndi 43 pa 100. Kugonekedwa m'cipatala nakonso kunacepa ndi 23 pa 100. Phindu linaoneka mwa ana ang'ono ndi akurupo omwe, mwa ofooka kwambiri ndi olimbako omwe. Nkhwangwa yobuntha ija inadula mtengo. Ana onse otsala anayamba kulandira Septrin weniweni.

Pano ndifuna kuima pang'ono, cifukwa pali cinthu colemera cimene sindifuna kucilumpha. Pakati pa 112 ndi 74 pali ana 38. Kwa miyezi yambiri amai, agogo ndi azakhali anali kumwetsa ana ao mokhulupirika mankhwala opanda kanthu m'kati, ndipo ena a anawo akadakhala moyo maere akadawagwera kwina. Munthu angafunse, ndipo ayenera kufunsa, kuti kodi kunali koyenera, popeza WHO inali itanena kale mau ace mu 2000? Oyankha amati, malangizo aja anali oyembekezera, ocokera ku mayeso a anthu akuru a dziko lina. Pa nthawiyo sunali mwambo wa zipatala zathu kupatsa ana otere Septrin tsiku ndi tsiku, kotero kuti mwana wa gulu la mankhwala acabe sanalandidwe kanthu kamene mnzace wa kunja anali kulandira. Ndipo popanda umboni wa kuno, maboma akadapitiriza kukayika, ana zikwi zambiri nafa osawerengedwa ndi munthu. Ine ndiona kuti yankho limeneli nloona. Koma kuona kwace sikucotsa kulemera kwa ana 38 aja. Pa cikalata cimene cinaturuka mu The Lancet pali maina 12 a madotolo ndi ophunzira. Maina a ana ndi a owalera palibe, ndipo nkoyenera kuti pasakhale, pakuti cinsinsi ca wodwala cimasungidwa. Koma pochula maina 12 aja tidziwe kuti sanali okha pa nchitoyi.

Tisaiwalenso ana 74. Iwo anamwa Septrin weniweni, nafabe. Mankhwalawa sagwira kacirombo ka HIV ngakhale pang'ono. Amangoimika mlonda pa linga logwa.

Nanga anathandiza bwanji, popeza m'kambale muja tizirombo sitinali kumumva? Ambiri anayamba aganiza kuti wachinga Pneumocystis uja anapezeka m'mapapu a makanda. Koma ofufuzawo anapima mamina a pakhosi a ana odwala cibayo nthawi 73, napeza Pneumocystis kamodzi kokha. Kanthu kameneka nka makanda, osati ka ana a zaka zinai kapena zisanu. Atayang'ananso zimene zinapha ana a magulu awiriwo anaona kuti zimene zinacepa ndi imfa za cibayo wamba ca bakiteriya, tizirombo tomwe tija anati sitimva. Kambale ka m'cipinda copimira kamayankha funso lakuti, kodi mankhwala awa angaphe okha khamu la tizirombo? Mwana ali kufunsa funso lina, lakuti, kodi angathandize thupi langa kuti tizirombo tocepa tisakhazikike? Zaka za pambuyo pace zinaonetsanso kuti Septrin amachinjiriza ku malungo, ndi kuti amacepetsa kutukusira kwa m'matumbo ndi m'mwazi kumene kumadya mphamvu za mwana wa kacirombo.

Zotsatira za CHAP zinasindikizidwa m'mwezi wa November 2004, ndipo m'mwezi womwewo WHO, UNAIDS ndi UNICEF anaturutsa mau amodzi akuti ana a kacirombo azilandira mankhwalawa, nachula mayeso a ku Lusaka monga cifukwa cace. Mu 2006 WHO inalemba zimenezi m'buku lace la malangizo. Koma kulemba ku Geneva ndi kufika kwa botolo pa kiliniki ya m'komboni ndi zinthu ziwiri. Zaka zinai citaturukire cikalata cija, m'maiko osauka makanda obadwa kwa amai a kacirombo amene anayamba Septrin pa nthawi yace anali osakwana mmodzi mwa 10. Mankhwala ochipa alibe wowayendetsera malonda.

Gulu la ku Lusaka silinabalalike. Mtengo wa ma ARV unali utagwa, makamaka kuyambira 2001 pamene kampani ya ku India yochedwa Cipla inati idzawagulitsa madola 350 pa caka, ndipo mu 2005 Boma lathu linacotsa malipiro ace m'zipatala zace. Koma anali opangidwira akuru. Mwana anali kupatsidwa mabotolo angapo a mankhwala a madzi, ena ofuna firiji, imene nyumba zambiri ziribe. Apo ai, namwino anali kudula mbulu wa munthu wamkuru, ndipo mlingo wace sunali kukwanira bwino thupi la mwana wamng'ono. Cipla inapanga timibulu ta ana tochedwa Triomune Baby ndi Triomune Junior, mankhwala atatu m'kambulu kamodzi kosungunuka m'madzi pang'ono, ndipo ana a pa UTH ndiwo anapimidwa mwazi kuti kudziwike ngati mlingo uli wolondola. Nchitoyo anaicha CHAPAS. Mu 2007 bungwe loona za mankhwala la ku America linabvomereza timibuluto, ndipo tinafika kwa ana a m'maiko ambiri.

Pamenepo panabuka funso latsopano: mwana amene ali pa ma ARV nalimba, kodi afunikabe Septrin? Madotolo a ku Uganda ndi ku Zimbabwe anagawa ana 758 mwa maere, ena kuleka ena kupitiriza, ndipo mu 2014 analengeza kuti olekawo anagonekedwa m'cipatala kawiri-kawiri koposa anzao, makamaka cifukwa ca malungo. Ku Botswana kunayesedwa makanda obadwa kwa amai a kacirombo koma iwo eni osakatenga, m'dera lopanda malungo, ndipo mu 2017 kunamveka kuti kwa iwowa Septrin sanacepetse imfa. Taonani tsono kuti yankho la ku Lusaka si la mwana ali yense. Musacoke pa wailesi pano nkukagula Septrin pa msika kuti muzimwetsa mwana wotsokomola. Ena amaturuka naye zidzolo zoopsa, ndipo mwana wa TB mungamcedwetse kupeza mankhwala ace. Mwana ayambe wapimidwa mwazi ku kiliniki, ndipo anamwino ndiwo adzanena ngati ayenera, ndi mlingo wace.

Triomune uja analeka kuperekedwa, pakuti amodzi a mankhwala a m'kati mwace, ochedwa stavudine, anapezeka kuti amaononga mafuta a m'thupi ndi mitsempha akamwedwa zaka zambiri. M'malo mwace munalowa ena, ndipo lero ana ambiri amamwa a dolutegravir. Septrin yekha ndiye sanacoke pa shelefu ya kiliniki ya ana, ndipo mlingo wace ukali pafupi ndi uja anayesa pa UTH mu 2001.